Nyumba ya Kumapeto kwa Layini

Sendera kuno iwe Chisomo, foniyo uyike m'thumba. Iwenso Tadala, leka kundiyang'ana ngati ndakudyera chako, nandolo uyu sadzisenda yekha. Kunja kwatseka chiperoni, palibe kumene mungapite lero, ndiye khalani pompano manja azigwira ntchito ine ndikulankhula.

Dzulo ndinakumva, Chisomo, ukuuza anzako pamsewu paja kuti basi wapulumuka, akulemba ntchito yokhazikika ku esiteti ndipo nyumba akupatsa. Umayesa anganga ako ndi ogontha. Logontha ndi khutu limodzi lokha, linzakeli limamva ndi zonong'ona zomwe. Sindikukuletsa ayi. Pita, ntchito ndi yabwino, ndipo m'nyumba muno sopo anatha kalekale. Koma mawu akuti wapulumuka aja anandilasa mumtima, chifukwa ndinawamvapo pakamwa pa munthu wina, agogo anu aamuna, a Layisoni, amene inu simunawaone. Amayi anu, Agnesi wanga, anamwalira asanakuuzeni nkhani imeneyi. Ankachita nayo manyazi, chikhalirecho manyaziwo sanali awo.

Ine m'munda wa tiyi ndinalowa ndili kamtsikana kosadziwa n'kumanga mpango komwe. Masiku ano ndikumva kuti akudula ndi masizasi, kwina makina akungometa pamwamba. Ife tinkathyola ndi zala, masamba awiri ndi kansonga kake, dengu kumsana, chiguduli m'chiuno kuti nthambi zisatikande. Mame a m'tiyi ndi ozizira, ana inu, amalowa mpaka m'mafupa. Taonani zala zangazi, sizinabadwe zokhota chonchi. Masana ankatibweretsera phala la mgaiwa m'migolo, timwe chiimirire, kenako kusikelo. Inu mukadya buledi wagona mumakwinya nkhope. Phala lija mukanalira nalo. Ndipo ine ankandilemba m'dzinja mokha, tiyi akaphuka kwambiri. Mvula ikatha, ntchito yanga yatheranso pomwepo.

A Layisoni ndinakumana nawo kusikelo komweko. Iwo anabadwira pa esiteti pomwepo. Makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, mitolo pamutu, ndipo malo awoawo sanawapeze mpaka kufa. Ndiye munthu ukawafunsa kuti kwanu n'kuti, ankaloza chumuni cha fakitale. Anayamba ndi kupalira, kenako kudulira tiyi ndi chikwanje chokhota chija, mpaka anawapatsa ukapitawo. Mukanawaona: kabudula wa khaki, masokosi ofika m'mawondo, wezulo pakhosi. Chilomwe anasiya kulankhula pagulu, ati n'cha anthu osaphunzira. Kalongonda ankamukonda koopsa, koma ndikaphika ankati nditseke chitseko, anyamata awo angawaone akudya. Inu kalongonda, nyemba zoledzeretsa zija, simumudziwa n'komwe. Amaphikidwa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, ukachita ulesi banja lonse limadzuka mutu ukuzungulira. Iwe Tadala ndi kuphika kwako kothamangaku ukanatipha tonse.

Kutchalitchi anali mkulu wa mpingo, ndipo kupemphera ankapemphera ndithu, sindingawanamizire. Koma ndinkawaseka kuti Mulungu wanu ndi wa Lamulungu, kuyambira Lolemba mpaka Loweruka mumapembedza kampani. Iwo osakwiya. Ankangoti, "Mayi a Agnesi, kampani ndi mayi, kampani ndi bambo. Ine wina amene anandilera ndani?"

Atakhala kapitawo anatichotsa m'kachipinda ka pakati pa malayini a nyumba za antchito n'kutipatsa nyumba ya kumapeto, yoima payokha. Ya njerwa zowotcha, ya malata, pansi pa simenti. Mpope unali pafupi, dispensale kungodutsa msewu, nkhuni thirakitala inkatitulira pakhomo. Tsiku lolowa anaika dzanja pakhoma n'kunena kuti, "Mayi a Agnesi, tapulumuka." Khirisimasi iliyonse ankapaka laimu wogula okha. Panja anabzala mtengo wa mapeyala. Ine ndinkawauza kuti tiyeni tikamangeko kanyumba kwathu kuno kwa Nsabwe, malo a amayi asanathe. Ankayankha kuti kumapiri kumeneko tikatani. Zaka zinapita, abale anga anagawana kamunda konse, inenso madzi a pampope ndinawazolowera, ndinasiya kulankhula. Mwambi uja wakuti ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame tinkaudziwa bwino, tinkauza anthu ena.

Tsoka silinunkha. Inali nyengo yodulira tiyi, kozizira ngati leromu. A Layisoni anagwa pakati pa zitsa, wezulo ali pakamwa. Anabwera nawo pa thirakitala, mbali yonse ya kumanja itafa, kamwa litapotoka. Kuchipatala anawasunga, kenako anatibwezera kuti kawasamaleni kunyumba, mapiritsi muzikatenga ku dispensale. Chodabwitsa n'chakuti Chichewa chonse chinawathawa, Chizungu chimene ankalankhula ndi mabwana kumunda chinathawanso. Chinatsala ndi Chilomwe chimene ankachibisa chija, nachonso mawu owerengeka. Anthu obwera kudzazonda ankalankhula pamaso pawo ngati palibe munthu, poganiza kuti nzeru nazonso zinapita. Ine ndinkadziwa kuti akumva zonse, maso awo ndinkawadziwa.

Miyezi itapitapo anandiitana ku ofesi. Manijala wake anali mnyamata wochokera kumpoto, waulemu, anandipatsa mpando. Sanali munthu woipa. Anati, "Amayi, pepani kwambiri, koma nyumba imayendera ntchito. Abambo apuma, ndiye pakufunika kuti alowe amene watenga malo awo." Ndinati nanga ine, si ndimathyola tiyi wanu yemweyu? Anati inu ndinu a dzinja lokha, lamulo silikulola. Ndinathokoza mpando n'kutuluka. Kandalama kopumira ntchito kanali katathera kale m'mabasi ndi m'zipatala.

Amene anatenga ukapitawo anali a Dayitoni. Munthu ameneyu chikwanje anamuphunzitsa kugwira ndi agogo anu, pakhomo pathu ankadya, ine ankanditchula amayi. Anali ndi mkazi ndi ana kwawo ku Goliati. Khalidwe lake m'malayini linkadziwika: mkazi wofuna kulembedwa ntchito ankayenera kumuona kaye payekha. Ndisapitirire, ndinu akuluakulu, mwamva.

Anabwera Lamulungu masana, shuga ndi buledi m'manja. Anakhala pampando wa a Layisoni, chitseko cha kuchipinda kumene anagona odwala chili chotsekula.

"Amayi," anatero, "ine mtima ukundipweteka. Akuluwa ndi bambo anga. Kuwatulutsa muno sindingathe."

Ndinayamba kuthokoza, wopusa ine.

"Nyumbayi ndi yaikulu," anapitiriza. "Inu ndi akulu mukhale m'chipinda chomwecho, dispensale ili pafupi. Agnesi ndimulembetsa ntchito yokhazikika. Kungoti pakhomo pamafunika munthu wondisamala. Mayi a kunyumba ali kutali. Agnesi wakula, ndipo ine si mlendo."

Agnesi nthawi imeneyo anali wa msinkhu wakowu, Tadala. Anali ku sekondale, anangosiya kuti azindithandiza kutembenuza bambo ake. Ndinawauza a Dayitoni kuti atenge shuga wawoyo azipita. Anaseka pang'ono, shuga anamusiya patebulo, n'kunena kuti, "Ganizani bwino, amayi, mwezi sukuima."

Ndinatumiza uthenga kuno kwa achimwene anga a Wayisoni, eni mbumba, ndikuyesa kuti abwera ndi ukali. Atabwera anamvetsera zonse, akukanda chibwano. Kenako anati, "Achemwali, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumudzi malo kulibe, mukudziwa. Yatsala ndi khitchini ya malemu amayi, mukugona mbuzi. Chipatala chili kutsidya kwa mitsinje iwiri. Mukufuna mukawaphe alamu? Mitala sinayambe lero."

Ndinawatukwana achimwene anga tsiku limenelo. Koma atapita ndinakhala pansi, chifukwa za mbuzi ndi mitsinje sananame.

Kupemphera ndinapemphera, ana inu. Ndinkapita m'nkhalango ya bulugamu ngati ndikukatola nkhuni, n'kugwada pamasamba. Poyamba ndinkapempha mwaulemu. Kenako ulemu unatha, ndinamuuza Mulungu mawu amene sindingawabwereze pamaso pa ana. Ndinati munthu wakutumikirani zaka zonsezi, lero mukufuna ndisankhe pakati pa mwamuna wanga ndi mwana wanga, chilungamo chake n'chiti? Kunali zii. Amayi a mvano ankabwera, kuyimba, kusiya kaufa m'mbale. Koma nawonso ankagona m'nyumba za kampani, ankathyola tiyi pansi pa a Dayitoni omwewo. Palibe anati bwerani mudzakhale kwathu, ndipo sindiwaimba mlandu.

Chimene chinandithyola msana ndi Agnesi mwiniwake. Madzulo ena akuwamwetsa phala bambo ake, ine ndili pakhomo la chipinda, anati, "Ababa, musadandaule. Sitisamuka muno. Ndavomera."

Ndinati, "Wati chiyani iwe?"

"Amayi, ababa akakafera m'khola la mbuzi chifukwa cha ine, ndidzakhala bwanji? Ena akupirira, inenso ndipirira."

Analankhula mofatsa, misozi osatuluka, ngati munthu wamkulu. Ine ndinakalipa, ndinalira. A Layisoni anatseka pakamwa. Supuni inafika pamilomo, iwo anatembenuzira nkhope kukhoma, phala linazizira m'mbale.

Kutacha ndinapita kumpope, Agnesi anatsikira kudambo kukachapa zofunda za odwala. Kunali nkhungu yoti munthu sungaone mnzako ali apo. Pobwera ndi ndowa pamutu ndinaona anthu opita kuntchito ataima pakhomo pathu, madengu kumsana. Ndinati basi amwalira. Ndowa ndinaiponya.

Sanamwalire. Anali panja. Munthu amene kutembenuka pamphasa kunkafuna anthu awiri anadzikoka ndi chigongono chimodzi ndi mwendo umodzi, kuchoka kuchipinda, kudutsa pabalaza, kugwa pakhonde, mpaka pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Anali m'matope, bondo likuchucha magazi, dzanja lamoyolo litakumbatira tsinde.

Amuna awiri anawerama kuti awanyamule. A Layisoni analuma mmodzi wa iwo padzanja. Ndinagwada n'kuwalankhula m'Chilomwe, kuti bambo a Agnesi, mukufuna kufa ndi chisanu? Tiyeni m'nyumba. Anayang'ana nyumba ija, nyumba yawo ya laimu, n'kupukusa mutu. Kenako analoza ndi chibwano kumapiri kuno.

Ndinati, "Kumeneko akatisunga ndani? Kulibe mapiritsi, kulibe munda, kulibe kanthu."

Analimbana ndi lilime nthawi yaitali, malovu akutsika. Potsiriza linatuluka liwu limodzi: "Muluku." Ndiye kuti Mulungu, inu a Chizungu chokhachokha inu.

Ine ndi mkwiyo wanga ndinati, "Muluku wanuyo ali ndi malata?"

Misozi inayenderera pankhope yopotoka ija, koma mtengo sanausiye. Agnesi anafika akuthamanga, anagwada m'matope momwemo, akuti ababa chonde, ababa chonde. Iwo anangopukusa mutu. A Dayitoni anadutsa pamsewu ndi wezulo wawo, anaima, anayang'ana, anthu onse akuwayang'ananso. Anakuwira anthu kuti nthawi yatha, n'kumapita.

M'nyumba muja a Layisoni sanalowenso. Tinawafunditsa mabulangete pansi pa mtengo pomwepo, ife tikumanga katundu. Akuluakulu a mpingo anakapempha dalaivala wa lole imene inkabwera kuno yopanda kanthu kudzatenga nthochi. Nthawi imeneyo nthochi zinalipo, ana inu, matenda a chisaka asanazimalize, mapiri onsewa anali obiriwira, mikoko inkawolera pamsewu. Tinakwera pamwamba pa masamba ouma a nthochi. Lole ikutuluka pageti ndinayang'ana m'mbuyo, a Layisoni anatsinzina. Pamene msewu unathera, anthu anawanyamula pamachira kukwera nawo chitunda chomwe mumadandaula nacho pochokera kuchigayo.

Tsono musayembekezere kuti ndinena kuti kunabwera munthu wa galimoto kudzatimangira nyumba. Nkhani zotero muzikazimva pawailesi. Ife tinatulutsa mbuzi, tinasesa, tinazira pansi, tinalowa. Makoma anali akuda ndi mwaye, udzu wa padenga wowola. Ine ndi Agnesi tinkasinthana, wina kuganyu, wina kwa odwala. Tinkadya makaka, chinangwa chouma chija, ndi chigwada, tsiku lina chigwada chokha. Mapiritsi anatha. Zilonda zinayamba kumsana. Kusukulu Agnesi sanabwererenso, ndipo chimenecho chimandipwetekabe mpaka lero, mwana anali ndi mutu uja. Ena pamudzi pano ankaseka, ati awo ndi akapitawo aja. A Dayitoni tinkangomva kuti zawo zikuyenda, anagula njinga yamoto, ndipo anakalamba bwinobwino osadwala ndi mutu womwe.

Kudalira Mulungu sikukoma ngati mmene amayimbira a kwaya. Ine ndinkadzuka m'mawa osadziwa kuti m'mphika mulowa chiyani. Chimene ndingachitire umboni n'chakuti kanthu kankapezeka. Kochepa, kosafika mawa. Wina wasiya chinangwa pakhomo, wina waitana ganyu tsiku limene ufa wathera. Ine ndinkafuna thumba lathunthu kuti mtima ukhale pansi, koma thumba silinabwere ndi kamodzi komwe, inkabwera mbale. Ndinakangana naye Mulungu miyezi yonseyo, ndipo kukangana kumeneko ndiko kunali kupemphera kwanga, chifukwa wina woti ndikangane naye panalibenso.

A Layisoni ndiwo anasintha. Munthu amene ku esiteti ankadzuka ndi nkhawa ya sikelo ndi mabwana, kuno ankagona chagada akung'ung'udza nyimbo za m'tchalitchi ndi mbali imodzi ya kamwa. M'mawa ankakana phala mpaka Agnesi apemphere. Mvula itayamba denga linkadontha paliponse, tinkangowakoka ndi mphasa kuchoka pakona iyi kupita pakona iyo. Tsiku lina, madzi akudonthera m'mbale pafupi ndi mutu wawo, ndinawafunsa kuti, "Bambo a Agnesi, nyumba ija simuikumbuka?" Anagwedeza mutu kuti amaikumbuka, ndipo analira. Ndinati, "Ndiye tinalakwa?" Agnesi anali akulowa ndi mtsuko, atanyowa yense. Anamuyang'ana mpaka anatula, kenako anandiyang'ana ine n'kupukusa mutu.

Anamwalira mvula ili pakati, chimanga chikumasula, masana ndithu, dzanja lawo lili m'manja mwa mwana wawo. Akanakhala pafupi ndi dispensale mwina akanakhalako zaka zina. Zimenezo ndimazidziwa ine, ankazidziwa Agnesi, ndipo iwonso pansi pa mtengo paja ankazidziwa.

Tsono panabuka za bokosi. Wantchito akamwalira pa esiteti, kampani inkapereka bokosi ndi thirakitala, ndipo agogo anu akali bwino ankanyadira zimenezo, ati ine sindidzavutitsa munthu. Kuno kunalibe thabwa ndi limodzi lomwe, mitsinje itadzaza, kopita kulibe. Achimwene anati tiwakulunge mumphasa monga ankachitira makolo. Palibe cholakwa pamenepo, ambiri anapita choncho. Koma ine ndinalira kuposa mmene ndinalirira mpweya utachoka. Ndinati Ambuye, nyumba mwatenga, mwamuna mwatenga, ndi matabwa omwe mwandimana?

Tili m'kati molira ndinamva hamala kuseri. Ndinatuluka. Panali bambo wina wachikulire wa mpingo wathu, wosauka kuposa ife, amene chifikireni tinkangopatsana moni. Anali atazula chitseko cha nyumba yake, wasenza pamutu pamodzi ndi katebulo, ndipo mwana wake wamwamuna anali akuwongola misomali yakale pamwala. A Layisoni anali atatha thupi, matabwawo anakwana.

Ndinati, "Abambo, nanga inu mutseka ndi chiyani mvula ino?"

Anati, "Amayi, m'nyumba mwanga muli chiyani choti mbala ingabe? Ilowa ndi mphepo yokha. Atisunga Mwiniwake. Akuluwa ndinamva zimene anachita pansi pa mtengo, asapite ngati alibe abale."

Dzinja lonselo banja lija linagona pakhomo patapachikidwa mphasa, mvula ikulowa mpaka pamoto. Bambo ameneyo ndi a Samisoni, agogo anu obala bambo anu, aja munkawaseka kuti amayenda ndi nsapato zosiyana. Wowongola misomali uja ndiye bambo anu. Patapita zaka ziwiri anatuma ankhoswe, ndipo Agnesi ndinamufunsa ndekha, kawiri, ngati akufunadi. Anaseka, anati amayi, uyu ndiye ndikumufuna. Anamanga ukwati kutchalitchi, masana, anthu akuona. Malo omangira mkamwini ine ndinalibe, ndiye Agnesi anakakhala kwa a Samisoni komweko. Iwe Chisomo unabadwira m'nyumba imeneyo, pakhomo pakadali chitseko cha bango.